Mario watsopano adzagulidwa kwambiri, koma si wa m'tinyumba ta magemu

A Mkonzi,

Ndine mwana wa ku Bangwe, ndipo ndatha zaka zisanu ndi chimodzi ndikugulitsa mafoni ndi magemu m'shopu ina kuno ku Johannesburg. Chandilembetsa kalatayi ndi mng'ono wanga. Iye ali ndi kanyumba ka magemu kumudziko, ma TV awiri ndi ma PlayStation awiri, ndipo sabata yatha ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti ndimugulire makina a Nintendo Switch pamodzi ndi gemu yatsopano ya Super Mario Bros. Wonder, imene ikutuluka Lachisanu pa 20 October chaka chino cha 2023. Anaona kanema wake pa Facebook, mtima unamunyamuka, ndipo anawerengera kale kuti ana azidzaima pamzere pakhomo pake. Ndinamukaniza. Ndikudziwa kuti si iye yekha amene akuganiza zoterezi, n'chifukwa chake ndapempha malo m'nyuzi yanu.

Sindinamukanize chifukwa chokayikira gemuyo. Ine mwini ndikuiyembekezera ngati mvula yoyamba. Amene tinakula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 tikukumbukira timakina tija tinkangoti TV game, ta makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu mazanamazana pomwe anali ochepa omangobwerezedwa. Kwa aneba athu kunali kamodzi, kolumikizidwa ku TV yosaonetsa mitundu yoyendera batire ya galimoto. Tinkadzazana pakhonde kudikira kuti wina agwere m'dzenje padi, chija chogwira m'manja posewera, ifike kwa ife. Kamunthu ka ndevu ndi kapusi kaja, kothamangira kumanja, kolumpha akamba, kodya bowa n'kukula, kolowa m'mapaipi obiriwira, ndiko kanatiphunzitsa ambirife kugwira padi. Gemu imeneyo, Super Mario Bros. yoyamba, inatuluka ku Japan mu 1985 ndipo inagulidwa makope oposa 40 miliyoni. Mmodzi mwa amene anaipanga, Takashi Tezuka, ndi amenenso akuyang'anira ntchito ya gemu ikubwerayi, patatha zaka 38. Nditamva zimenezi ndinasangalala kwambiri.

Kuno anthu ayamba kale kufunsa. Chiyambireni June pamene kampani ya Nintendo inailengeza, sipatha masiku ambiri wina asanabwere pakauntala kudzafunsa ngati tidzakhale nayo tsiku loyamba. Ndimawayang'anitsitsa ofunsawo. Ambiri si anyamata aja amene amabwera kudzafuna magemu a mfuti. Ndi amayi obwera ndi mwana pambali, ndi abambo a msinkhu wanga amene amayamba ndi kunena kuti ndi za ana, kenako n'kuyamba kufotokoza okha mmene ankadutsira nyumba ya Bowser, mdani wamkulu wa Mario, ali ang'ono. Munthu wogulitsa akaona makasitomala a mtundu uwu amadziwa kuti katunduyo sadzathera sabata imodzi.

Chidwichi chili ndi chifukwa. Mario wa mtundu wakalewu, woyenda chammbali kuchokera kumanzere kupita kumanja, anatuluka komaliza ali watsopano mu 2012 pa makina a Wii U, amene sanayende malonda, pakuti anagulidwa osafika 14 miliyoni. Gemu yomweyo ataikonzanso n'kuitulutsa pa Switch mu January 2019, yagulidwa makope oposa 15 miliyoni. Taganizani, a Mkonzi, ndiwo zadzulo zongotenthetsa zagulidwa chonchi. Nanga zophikidwa lero? Zinzake zakale, ya pa makina a DS ya mu 2006 ndi ya pa makina a Wii ya mu 2009, iliyonse inadutsa 30 miliyoni.

Ndipo imene ikubwerayi sikuoneka ngati yongobwereza. Pa 31 August anaonetsa kanema wa mphindi ngati 15 wofotokoza za mkati mwake, ndipo ndamuonera kangapo nthawi yopuma. Mario akadya chipatso china akusanduka njovu, kumenya adani ndi chitamba, kutunga madzi n'kuthirira maluwa ofota. Panjira pali timaluwa tolankhula. Koma chachikulu ndi duwa lina limene ukalikhudza zinthu zonse zimasokonekera: mapaipi aja amayamba kukwawa ngati mbozi, gulu la nyama likutulukira n'kukunyamula, malo amene unawazolowera n'kusanduka ena. Anthu anayi angathe kusewera limodzi pa TV imodzi, ndipo mwana wamng'ono akasankha kusewera ngati Yoshi kapena Nabbit m'malo mwa Mario, adani samuvulaza. Mfundo yomalizayi ndi imene ine ndikuiona kuti idzagulitsa makope ambiri kuposa njovu ija, chifukwa kholo lililonse likudziwa kulira kumene kumabuka wamng'ono akamangofa pamene akuluakulu akupitirira.

Tsiku lomwelo la 20 October kukutulukanso Spider-Man 2 ya pa PlayStation 5, ndipo masiku atatu m'mbuyo mwake kukhala kutatuluka Sonic Superstars, imene ndi gemu yolumphalumpha ngati Mario yemweyo. Anzanga apantchito, amene ambiri ndi okonda PlayStation, akuti Spider-Man ndiye adzatenge msika. Sabata yoyamba mwina zidzaterodi m'shopu mwathu, chifukwa okonda PlayStation amagula tsiku lomwelo. Koma tiwerenge makina ali m'manja mwa anthu. Sony inalengeza mu July kuti PlayStation 5 yadutsa 40 miliyoni. Switch, imene inatuluka mu March 2017, inali itadutsa 129 miliyoni pofika kumapeto kwa June. Mario akulowa mumsika waukulu kuwirikiza katatu. Onjezani kuti kanema wa Mario amene anatuluka mu April anapeza ndalama zoposa 1.3 biliyoni ya madola, ndiye kuti pali ana ambirimbiri amene amudziwa Mario chaka chino ndipo Khirisimasi ili pafupi. Onjezaninso kuti mu May gemu ya Zelda inagulidwa makope 10 miliyoni m'masiku atatu okha pa makina omwewa, amene ena ankati atha ntchito.

Kuona kwanga n'kwakuti chaka chino chisanathe idzakhala itadutsa makope 10 miliyoni, ndipo idzapitiriza kuyenda pang'onopang'ono zaka zingapo, monga amachitira magemu a Nintendo, amene sachedwa pashelefu ngakhale mtengo wake sutsika kawirikawiri. Kufika pa 30 miliyoni ngati zakale zija ndikukayika. Pofika March 2023 Switch inali italowa m'chaka chake chachisanu ndi chiwiri, ndipo makina atsopano akadzabwera maso a anthu adzatembenukira kumeneko.

Tsopano ndibwere kwathu, kumene kuli nkhani yeniyeni. Mtengo wa gemuyi ku America ndi madola 59.99. Dola ku banki inadutsa kale K1,000, ndipo aliyense amene wayesa kuifuna miyezi ino akudziwa kuti ku bankiko sipezeka, ndipo kunja kwa banki mtengo ndi wina. Ndiye kuti kaseti imodzi yokha, isanakwere basi, ikuposa K50,000 imene inali malipiro otsikitsitsa a wantchito pamwezi pofika October 2023. Pofika October 2023 makina ake anali madola 299. Alipo otchipirapo, a Switch Lite, amene anali madola 199 nthawi yomweyo, koma amenewo salumikizika ku TV, choncho kwa wa kanyumba ka magemu alibe ntchito. Ndikunena izi chifukwa ndaonapo anthu akugula Lite pofuna kupulumutsa ndalama, n'kudzazindikira ali kunyumba.

Koma ngakhale ndalamazo zitapezeka, vuto lalikulu lili m'kaseweredwe. Kanyumba ka magemu kamadya ndalama ya mpira. Anyamata awiri amalipira, amasankha matimu, mphindi zochepa mpira watha, wogonja adzuka, wina akhala. Pali wopambana, pali woluza, pali oonerera amene akukuwa kumbuyo n'kumafuna kuti nawonso alowe kudzabweza. Ndalama imazungulira chifukwa masewerawo ali ndi malire. N'chifukwa chake EA Sports FC 24, gemu ya mpira imene inatuluka pa 29 September 2023 m'malo mwa dzina lakale la FIFA, ndiyo nkhani ya m'tinyumbati. Mario alibe wenzulo yomaliza. Ndi ulendo umene munthu amauyamba lero n'kudzaupitiriza mawa pamene anasiyira, ndipo anthu anayi osewera limodzi amathandizana m'malo molimbana. Watsopanoyu achotsamo ngakhale wotchi ija inkatithamangitsa kale, kuti munthu aziyenda mwachifatse n'kumafufuza zobisika. Kwa banja n'zabwino kwambiri. Kwa mng'ono wanga zikutanthauza mwana mmodzi wokhala pampando ola lathunthu, ndipo ukamudzutsa nthawi yake itatha amachoka ali wokwiya chifukwa sanamalize. Wobwera pambuyo pake ayambira pati? Pa ulendo wa mnzake, kapena ayambirenso poyamba? Sabata ziwiri zoyambirira ana adzabweradi kudzaona njovu. Ikadzakwana sabata yachitatu adzabwerera ku mpira, makina a madola 299 ali pakona.

Palinso nkhani ya mapadi. A PlayStation, enieni ndi ongofanizira omwe, amapezeka mu Limbe, ndipo amisiri owakonza alipo. A Switch ndi ang'onoang'ono, opangidwira manja a banja limodzi, osati manja makumi atatu patsiku, ndipo imodzi ikawonongeka uyenera kudikira wobwera kuchokera kuno.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti ife tinamukonda Mario kwambiri, koma m'ziwerengero zonse ndatchulazi mulibe ife. Timakina tathu tija sitinali ta Nintendo, tinali tongokopera, ndipo pa makope 40 miliyoni aja palibe ngakhale limodzi la pakhonde la ku Bangwe. Lero ndi chimodzimodzi. Nintendo ilibe shopu m'Malawi, ndipo Switch iliyonse imene ili ku Lilongwe kapena ku Mzuzu inalowa m'chikwama cha munthu, n'kuwerengedwa ngati yogulidwa ku South Africa, ku Britain kapena ku Dubai. Kampani ikamayang'ana mapu a malonda ake imaona kuti kwathu kulibe ogula, ndiye siiganizako zobweretsa mitengo yoti tingaikwanitse. Sindikuiimba mlandu, imawerenga zimene ikuona. Koma zimandipweteka kuti ana a mng'ono wanga akumudziwa Mario kudzera pa tizidutswa ta kanema pafoni, pamene ife osauka kuposa iwo tinamugwira ndi manja.

Kwa anzanga amene muli kuno ndi ku Britain ndipo mukuganiza zotengera ana gemuyi popita kumudzi pa Khirisimasi, ngati makina alipo kale kunyumba, itengeni, simudzanong'oneza bondo. Koma gulani kaseti yogwirika, osati yochita kukopera pa intaneti. Kaseti sifuna bandulo kuti muyambe kusewera, mungabwerekane ndi a nyumba ina, ndipo ana akaimaliza mungaigulitse. M'shopu mwathu makaseti a Mario ogwiritsidwapo kale ntchito sakhalitsa, ndipo mtengo wake sutsika kwambiri ngati wa magemu a mpira, amene chaka chikangotha amasanduka a bwerekabwereka. Ubwino winanso wa Switch kwathu ndi wakuti ili ndi batire yakeyake, magetsi akazima mwana amangoichotsa pa TV n'kupitiriza m'manja.

Mng'ono wanga sanakondwe ndi yankho langa, ndipo anakhala masiku awiri osandiyankha. Pamapeto pake tagwirizana kuti ndalama imene anasunga igule batire ndi inveta, chifukwa chimene chimamuluzitsa makasitomala madzulo ndi kuzima kwa magetsi. Mario ndidzagula ndi ndalama yanga pa 20 pomwepo, ndipo mu December ndidzabwera naye pamodzi ndi Switch yanga. Tidzamulumikiza ku TV ya kunyumba kwa amayi, ine, iye ndi ana ake awiri, wamng'onoyo atenge Yoshi.

Wowerenga wanu,
Mwana wa ku Bangwe,
Johannesburg