Pisito yosonkhanitsa ngati njinga kuno ku Texas

A Mkonzi,

Ndatha zaka zitatu kuno ku Texas, ku America, koma nkhani ya mfuti yokha sindinaizolowerebe. Mnzanga wa kuntchito watha miyezi iwiri akusonkhanitsa pisito yoti aziyenda nayo tsiku ndi tsiku, Glock 19, ati yogula kushopu siimukhala bwino m'manja. Mpope waitanitsa pa intaneti, toyang'anira polozera paja wagula kwina, kachikwama ka m'chiuno kwinanso, zonse zikungofika pakhomo pa positi ngati masipeya a njinga abale! Chokhacho chomwe sichinabwere kunyumba ndi thunthu la mfutiyo lokhala ndi nambala, malamulo akuno amati mfutiyo ndi imeneyo, nde anakatengera kwa wogulitsa wa laisensi atadzaza fomu ya boma yotchedwa 4473 komanso atamufufuza ngati alibe milandu.

Chondiopsa ine nchakuti kuyambira 2021 kuno munthu wamkulu wopanda milandu atha kuyenda nayo opanda laisensi. Ndinamufunsa kuti aise, trigger (kokoka ndi chala powombera) waifewetsayi ikadzalira m'thalauza bwanji? Anangoseka, ati kachikwamako kamaphimba bwinobwino. Kwathu mfuti ndinkaiona ndi apolisi ndi asilikali basi, nde pa lanchi ndimakhala tebulo lina ndithu.

Wowerenga wanu,
Houston