Kalata ya kwa Amayi kuchokera ku Diepsloot

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wa ine mwana wanu wa kuno ku Joni. Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino kumeneko ku Mponela pamodzi ndi achemwali, adzukulu anu onse ndi amalume. Ine ndili bwino. Ntchito ya m'maluwa ikuyenda, ndipo chifuwa chimene chinandivuta m'nyengo yozizira chija chinatha. Ndalama ya feteleza ndatumiza pa foni ya achemwali. Mugule msanga mitengo isanakwerenso, yotsalayo ikhale ya ana kusukulu.

Tikamalankhula pa foni mumamaliza ndi mawu omwewomwewo: "Mwanawe, kodi kumeneko uli ndi anthu? Bwanji osangobwerako asanakuphe?" Ndimayankha mwachidule chifukwa bandulo sichedwa kutha, koma funso lotere silifuna phuma. N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe. Achemwali akuwerengereni madzulo mukatha kudya, ndipo mphwanga asachoke, muli mawu ake m'kalatayi.

Mantha anuwo sindikuwatsutsa, Amayi. Zimene munamva pa wailesi zinachitikadi. Mu Meyi 2008 zipolowe zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra n'kufalikira dziko lonse, ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu Epulo 2015 zinabukanso ku Durban, mpaka boma lathu linatumiza mabasi kudzatenga Amalawi. Ndipo mu Epulo 2022, konkuno ku Diepsloot, gulu la anthu linkayenda khomo ndi khomo usiku kufunsa zitupa, n'kupha bambo wa ku Zimbabwe dzina lake Elvis Nyathi. Ankagwira ntchito ya m'maluwa ngati ine. Usiku umenewo palibe mlendo amene anagona tulo.

Zikafika pamenepo munthu umaphunzira kudzibisa. Ambiri a ife m'takisi sitiyankha foni, kuopa kuti Chichewa chimveka. Timaloweza moni wa Chizulu ndi Chipedi, ndipo wina akafunsa kwathu timatchula Limpopo, chigawo china cha dziko lino, n'kuyang'ana kumbali. Paja inu mumati mlendo ndi mame. Ifetu tinkakhaladi choncho, kufika mwakachetechete, kuchoka dzuwa lisanakwere, wina asakudziwe. Moyo umenewu umateteza thupi, koma umadya munthu m'kati. Anthu akamakulandira chifukwa akuganiza kuti ndiwe wa ku Limpopo, amene amulandirayo si iwe. Ukafika m'kanyumba kako ka malata madzulo umapeza kuti tsiku lonse palibe wakutchula ndi dzina lako lenileni.

Ndimaganizira agogo aamuna, amene anabwera kuno pa nthawi ya Wenela, ulendowo usanayimitsidwe ndi Kamuzu ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70. Iwo ankakhala m'komponi ya mgodi, kontirakiti ikatha n'kubwerera ndi sutikesi ndi njinga. Palibe ankawafunsa ngati ali a kuno kapena ayi, zinali zodziwikiratu. Ife ndi osiyana. Tikukhala m'lokeshoni, kutunga pa mpopi umodzi ndi eni dziko, ena abereka ana konkuno amene sanaonepo mudzi. Funso lakuti ndife a kuti limatitsatira mpaka pa mphasa.

Chimene chinayamba kundigwira dzanja ndi mpingo wa Amalawi anzanga. Timasonkhana Lamulungu m'kalasi ya sukulu imene timachita lendi. Timayimba nyimbo zomwezo zimene mumayimba ku Chigwirizano, ndipo tsiku loyamba kumva zimenezi misozi inatsika yokha. Tili ndi thumba la maliro. Wina akatisiya timasonkha kuti thupi likagone kwawo, ulendo wonse uja wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa chipata cha Dedza. Choncho pa funso lanu loyamba lija, inde, anthu ndili nawo. Nditadwala anandiphikira phala, anandichapira.

Koma mapemphero akatha tinkatuluka aliyense n'kuvalanso mantha ake pa geti. Mpingo unali malo opumira, osati malo otiphunzitsa kuyenda kunjako. Ndiye tsiku lina mkulu wa mpingo analalikira pa Yeremiya 29, kalata imene mneneri analembera Ayuda amene anatengedwa ukapolo ku Babulo. Anthu aja ankayembekeza kumva kuti mawa mubwerera. M'malo mwake anauzidwa kuti amange nyumba, alime minda n'kudya zipatso zake, ndipo afunire mtendere mzinda umene anatengedwerako ndi kuupempherera, chifukwa mtendere wa mzindawo ndiwo udzakhale mtendere wawo. Amayi, mawu amenewa anandilasa. Ine ndimalima minda ya anthu tsiku ndi tsiku, koma Diepsloot ndinali ndisanamupempherere. Ndinkangopempha kuti Mulungu anditeteze kwa Diepsloot. Mkuluyo anawonjezera Aefeso 2:19, pamene Paulo akunena kuti mwa Khristu sitilinso alendo, ndife a m'banja la Mulungu. Anati ngati zimenezi zili zoona, zili zoona m'takisi momwe, osati m'kalasi muno mokha. Anatikumbutsanso kuti Ambuye Yesu ali khanda anathawira ku Ejipito, m'dziko la eni.

Mwana wamkazi wa mkulu yemweyo amaphunzira pa yunivesite ya Wits, maphunziro a mmene anthu amakhalira m'magulu, amene amawatcha sosholoje. Anabadwira kuno, Chichewa chake n'chopotoka pang'ono, koma mtima ndi wakwathu. Abambo ake anamupempha kuti Loweruka lina lililonse azikhala nafe kutifotokozera zimene amaphunzira. Ena ankakayika, amati nzeru za kusukulu zimazimitsa chikhulupiriro. Ine ndapeza kuti sizili choncho. Mulungu amene anatipatsa Mawu ndi yemweyo anatipatsa maso oti tiziona bwino zimene zikuchitika.

Anayamba ndi chiwerengero. Kalembera wa 2022 anapeza kuti dziko lino lili ndi anthu pafupifupi 62 miliyoni, ndipo obadwira kunja ndi pafupifupi 2.4 miliyoni, Amalawi ali chapafupi ndi 200,000. Ndiye kuti pa anthu 100 alionse, alendo sakwana anayi. Pamene ulova uli pa anthu oposa 30 mwa 100 alionse ofuna ntchito. Ngakhale tonse titakwera mabasi mawa pa Park Station, ulova umenewu sungathe. Ndinapuma mpweya waukulu nditamva zimenezi, chifukwa ukamauzidwa kawirikawiri kuti ndiwe wakuba ntchito za eni, umayamba kukhulupirira, n'kumayenda ngati wolakwa.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi china. Ofufuza a pa Wits pomwepo anayendera madera amene kunachitika zipolowe za 2008, n'kuyenderanso madera osauka mofanana amene kunalibe zipolowe. Anapeza kuti umphawi wokha sufotokoza nkhaniyi. Kumene kunaphedwa anthu, kawirikawiri kunali atsogoleri a m'deralo, ena odziika okha, amene anakonza kapena kulimbikitsa zachiwawazo pofuna mpando, ndalama kapena malo. Kumene atsogoleri anakana, alendo anatetezedwa ndi anansi awo. Ndipo mwa anthu 62 anaphedwa aja, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali mbadwa za South Africa. Poyamba ndinkaona ngati aliyense wa kuno ali ndi mpeni mumtima wodikira tsiku lake. Tsopano ndikudziwa kuti nkhanza zimenezi zimachita kukonzedwa ndi anthu owerengeka, ndipo chokonzedwa ndi anthu, anthu ena angathe kuchiletsa. Mnansi wanga amene sandipatsa moni si mdani wanga chifukwa cha chimenecho. Mwina nayenso wauzidwa bodza la ine, monga ine ndinauzidwira la iye.

Mtsikanayo anatiuzanso za katswiri wa ku America, Gordon Allport, amene mu 1954 anafotokoza kuti chidani cha pakati pa magulu chimachepa anthuwo akamakumana, koma osati kukumana kulikonse. Ayenera kukumana ngati anthu ofanana, akugwirira limodzi ntchito imene onse akuifuna, ndipo akuluakulu awo akuvomereza. Kukhala moyandikana kokha sikukwanira. Kupita kukapempha sikukwaniranso, chifukwa wopatsa ndi wolandira sakhala pa mpando umodzi.

Tinakambirana mpaka mdima, ndipo tinagwirizana kupita kwa abusa a mpingo wa Methodist wapafupi nafe, umene umaphikira ana ndi okalamba chakudya. Sitinapite ndi mbale. Tinapita ndi makasu. Kuseri kwa tchalitchi chawo kunali malo ongotayako zinyalala, ndipo tinapempha kuti tilimepo ndiwo zamasamba za m'khitchini mwawomo. Abusa analengeza okha pa guwa kuti abale a ku Malawi abwera kudzagwira nafe ntchito. Lero pamalo paja pali sipinachi, kabichi, anyezi ndi mpiru. Mpiruwo poyamba ankangouyang'ana, pano amaufunsa.

Amayi a Manyano, amene ali ngati a Chigwirizano a mpingo umenewu, mukanawaona mukanasangalala. Amavala bulauzi yofiira, siketi yakuda ndi chipewa choyera, ndipo amasonkhana Lachinayi. Mmodzi wa iwo, wa msinkhu wanu, anandifunsa tikupalira kuti kwanu n'kuti. Mtima unagunda, koma ndinayankha kuti ndine Mmalawi, wa ku Dowa, ndipo ndinatchula dzina langa ndi mfunda wanga. Anakhala chete pang'ono, kenako anandiuza za mwana wake wamwamuna amene anamaliza sukulu ya ukachenjede koma akungokhala pakhomo, ndi mmene zimamupwetekera akaona alendo akupita ku ntchito m'mawa. Sindinamutsutse. Ndinamuuza ndalama imene ndimalandira ndi anthu amene amadya pa ndalamayo, ndinamuuza za inu. Tinapemphera tili chiimire pakati pa mizere, kupempherera mwana wake ndi inu. Kuyambira tsiku limenelo amanditchula ndi mfunda, ngati mmene amachitira amalume.

Sindikunena kuti zonse zatha. Alipo ena mumpingo momwemo amene safuna kutiona. Anzathu opanda mapepala amagwidwabe n'kutumizidwa ku Lindela, malo osungirako alendo ogwidwa ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kumudzi. Mantha amabwerabe, makamaka chisankho chikayandikira andale akayamba kutitchula pa misonkhano. Kulimba mtima kumene ndikunena si kusowa kwa mantha ayi.

Ndikuuzeni chimene chinachitika chaposachedwa. Mkazi wa mnzathu wina wa ku Ntchisi anali woyembekezera, ndipo matenda anayamba mwamuna wake ali ku ntchito yausiku. Pa geti la chipatala china panali kagulu ka anthu kamene kankabweza aliyense wopanda chitupa cha dziko lino. Kale ndikanangomuuza kuti tibwerere tikayese kwina. Koma pa Loweruka paja tinaphunzira kuti ndime 27 ya malamulo oyendetsera dziko lino imati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo sinena kuti mbadwa zokha. Ndinaimbira foni amayi a Manyano aja. Anabwera atavala yunifomu yawo, n'kumugwira mtsikanayo mkono wina, ine wina. Pa geti anatifunsa kuti ndife a kuti. Miyendo ikunjenjemera, ndinayankha kuti ndife Amalawi ndipo mayiyu akufunika dokotala tsopano lino. Amayi aja anawonjezera mawu ochepa m'chilankhulo chawo, osakweza mawu, ndipo anthu aja anapatuka. Mwana anabadwa m'bandakucha, wamkazi, ali bwino. Lemba la 2 Timoteo 1:7 lija, lakuti Mulungu sanatipatse mzimu wa mantha koma wa mphamvu, chikondi ndi kudziletsa, ndinaliloweza ku Sande sukulu, koma ndinalimvetsa pa geti limenelo. Ndipo ndikanakhala ndekha sindikanatha.

Tsopano iwe mphwanga. Pa foni unandiuza kuti Maburundi akulanda malonda pa msika ndipo boma linachita bwino kuwasesa. Ndinakhala chete, koma mawu amenewo anandipweteka, chifukwa ndi omwewo amene amanenedwa za ine kuno. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anagwira othawa kwawo m'matauni athu, ana ndi amayi omwe, ena n'kuwasunga ku ndende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka. Kampu imeneyo ili m'boma lathu lomwelo la Dowa. Inakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma mukukhala oposa 50,000. Ndikudziwa kuti kagolosale kako kakuvutika, ndipo sindikupeputsa zimenezo. Koma funsa bwino chimene chakweza mitengo ya shuga ndi sopo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sanaigwetse ndi munthu wa ku Burundi. Werenga Levitiko 19:33-34, pamene Mulungu akulamula kuti mlendo wokhala pakati panu mumukonde monga mudzikondera nokha. Usakhale nawo m'gulu la onena zoipa za anthu amenewa, ndipo ena akayamba, utsegule pakamwa ngakhale akuseke.

Amayi, kwa inu ndili ndi pempho. Munandiuza za mayi wa ku Burundi amene amabwera ku tchalitchi n'kukhala kumbuyo yekha, mapemphero akatha n'kuchoka osalankhula ndi munthu. Mukamuyendere. Mumufunse dzina lake ndi la kwawo, ndipo amayi a Chigwirizano akamapita kukatumikira odwala kapena kumaliro, mumutenge, mumupatse ntchito yoti agwire nanu, osati kungomupatsa ufa. Mukandiuze mmene zayendera.

Mulungu akalola ndibwera pa Khirisimasi, mapepala anga ali bwino ndipo tchuthi andilonjeza. Achemwali anditumizire pa WhatsApp saizi ya nsapato za ana kuti ndisagule zazing'ono. Mupereke moni kwa amalume, kwa abusa ndi kwa a mfumu, ndipo mukamapemphera Lachinayi muzitchulanso amayi a Manyano aja ndi mwana wawo amene akufuna ntchito.

Ndine mwana wanu wokukondani,
wachisamba.