Mwana wanga, za ulendo wa ku Nyangani uja

Mwana wanga,

Ndati ndilembe chifukwa pa foni sumandimva, umangoti eya amayi, eya amayi, uku ukuseka ndi anthu kumbali, ndiye bola uwerenge wekha usiku ana akagona. Nkhaniyi ndaimva kwa apongozi anga Lachisanu atabwera kudzatenga mwana. Sanabwere kudzakunenera ayi, usakawakalipire, zinangotuluka tikusenda mbatata pakhonde. Akuti pa holide ya Heroes mukupita ku Nyanga anthu asanu ndi mmodzi, kukakwera phiri la Nyangani ndi kugona m'matenti masiku atatu. Ine poyamba ndinakondwa ndithu, ndinati mwana wanga akapumeko, chaka chonse wakhala akuthamanga ndi ntchito mpaka masaya kulowa. Ndipo anzako akalekalewo ndimawakonda, ena mwa iwo anakulira pa mbale yanga pomwe pano ku Mufakose, ankabwera ndi mayunifomu ong'ambika m'mawondo kudzapempha madzi akumwa koma maso ali pa mphika. Kenako ndinafunsa kuti akupita ndani ndi ndani. Atangotchula uja, mpeni ndinauyika pansi.

Ukudziwa amene ndikunena, sindilemba dzina lake.

Sindikudana naye mwana uja, Mulungu ndi mboni. Mayi ake tinkapemphera limodzi, pa maliro awo ndinagona masiku awiri pansi pa simenti. Koma uja kulikonse kumene wapita botolo limatsogola iye n'kumabwera pambuyo, ndipo samwa yekha, amafuna onse amwe, ukakana amakuseka kuti wakhala m'busa liti. Iwe ndimakudziwa ndinakubala ndine, sutha kukana munthu akakuseka pagulu. Kuyambira uli mwana unali choncho, anzako akati tiyeni tikasambe kudamu iwe patsogolo ngakhale kusambira sunkadziwa.

Malaya aja ndinachapa ndine. Oyera aja a mizere yabuluu amene unavala tsiku limene munagubuduzika ndi galimoto yake pobwera kokawotcha nyama. Ndinawaviika m'madzi ozizira ndi mchere kawiri konse magazi osachoka pakolala, mpaka ndinangowataya osakuuza. Usiku umenewo ndinakhala pa benchi ya kuchipatala kuyambira 11 koloko mpaka kunja kuyera, ndili ndi chitenje chimodzi, bambo ako akungoyendayenda pakhonde osalankhula ndi munthu. Iye anatuluka ndi kabala kakang'ono pachipumi, iwe masitichi ndi mwendo wokokera miyezi itatu. Anabwera kudzapepesa atagwada, ndinamukhululukira, koma kukhululuka sikundiletsa kukumbukira. Pamsewu paja ambulansi inafika. Kuphiri idzafika bwanji?

Mwina ukuti amayi akuopa zamizimu. Zoti ku Nyangani usaloze chinthu ndi chala, usatukwane, ukaona chachilendo ungodutsa osanena kanthu, zimenezo eni dera amanena ndipo uzilemekeze, uli kwa eni ake, sukataya kanthu pokhala chete. Kwathunso za Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ankanena zofanana, ankati ukapeza chakudya chokonzakonza panjira udye wekha osaitana mnzako. Koma ine chimene chikundisowetsa tulo ndi nkhungu ndi kuzizira, ndi mowa pamwamba pake. Ndinamutuma mng'ono wako kuti andiwerengere pa foni, akuti Nyangani ndi lalitali mamita 2,592, palibe phiri lina loposa pamenepo mu Zimbabwe muno. Ife kuno ku Harare tili pa mamita pafupifupi 1,500 ndipo waona wekha mmene kukuzizira m'mawa chaka chino, madzi a m'baketi ngati akuluma zala. Ndiye iwe ukwere mamita ena 1,000 pamwamba pa apa, mwezi wa Ogasiti, mphepo ili kuuu usiku wonse, udzu utayera ndi chisanu m'mawa. Anthu asowako kuphiri limenelo, si nthano. Mu 1981 ana awiri aakazi a mkulu wina wa boma anasowa ndipo sanapezeke. Mu Januwale 2014 bambo wina wachinyamata anapita ndi mkazi wake ndi anzawo, anapitirira yekha, asilikali ndi apolisi anasaka mpaka ndi ndege koma mpaka lero palibe anamuona. Amenewo sindikuti anamwa ayi, ndikungoti phiri limenelo limatenga ndi munthu wamaso ali gwa, nanga woledzera?

Iwe phiri sulidziwa mwana wanga, unabadwira pa tara. Ine ndinakulira m'munsi mwa Mulanje, chitseko chathu chinkayang'ana Chambe. Agogo ako aamuna ankasenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba kutsika nawo ku Likhubula, thabwa lalitali kuposa nyumba yathu lili pa nkhata, opanda nsapato, ndipo akafika pakhomo thupi lonse linkanunkhira mkungudza, fungo limenelo mpaka lero ndikalimva ndimafuna kulira. Iwowo akadzuka m'mawa ankayamba ayang'ana kum'mawa, akaona mtambo wa chiperoni ukubwera kuchokera ku Mozambique ankangoti lero sikokwera, ngakhale m'nyumba mulibe ufa. Chiperoni chikagwira phiri masiku atatu anayi, kamvula kosalekeza, dzanja lako lomwe osaliona.

Tsiku lina chinawapeza ali pamwamba amalume ako aakulu, ali mnyamata wa zaka ngati 17. Anawatsitsa anzawo awiri atawakoleka m'mapewa, zovala zili chonyowa, milomo itachita bii. Ine ndinali kamtsikana, ndinaima pakhomo ndikuona. Anzawowo anali atawamwetsa kachasu panjira kuti atenthedwe, ndipo amalume ako ankalankhula zosamveka ngati mwana wophunzira kuyankhula, kunjenjemera kunali kutasiya, n'kumavula malaya okha akuti ndatenthedwa, ndatenthedwa. Wina anatulutsanso botolo kuti awonjezere. Agogo ako, munthu wosakalipa uja, analimenya botolo lija ndi dzanja linakagwera kumpanda. Anawavula zonyowa zonse, anawakulunga mabulangeti awiri, iwo eni n'kulowa momwemo kuwakumbatira, agogo ako aakazi akuwamwetsa madzi ofunda a shuga ndi sipuni pang'onopang'ono atayamba kuzindikira. Kunjenjemera kutabwerera agogo ako anati tsopano wabwera. Amalume akowo ndi omwe aja unkawakwera pamsana ukapita kumudzi, akanapita tsiku limenelo.

Patapita zaka zambiri mayi wina wa kumpingo kuno amene anagwira unamwino mpaka kupuma anandifotokozera chifukwa chake. Akuti mowa umatsegula timitsempha ta pakhungu, magazi otentha amathamangira kunja, munthu n'kumamva ngati wafunda pamene m'kati kutentha kukutha, ndiponso umagonetsa, munthu amangokhala pansi kuti ndipumeko pang'ono osadzukanso. Ndiye uja akadzatulutsa kabotolo usiku n'kunena kuti imwa utenthedwe, udzakumbukire dzanja la agogo ako. Ku Sapitwa komweko mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anakwera nyengo itaipa, anamupeza patapita masabata atafa ndi kuzizira, munthu woti anayenda mayiko ambirimbiri.

Ndipo ndamva kuti mwasonkherana ndalama pa gulupu yanu ya WhatsApp ndipo wosunga ndi iyeyo. Inu anthu! Mwa anthu asanu ndi mmodzi munasowa wina? Ndalama ya mafuta, ya pageti la paki, ya munthu wokutsogolerani, zonse m'thumba mwa uja, mukafika pa Rusape theka lidzakhala litalowa mu bottle store, ndipo choyamba kuchotsedwa pa bajeti adzakhala wotsogolera njira, adzati tili ndi mapu pa foni. Foni imatha moto, kukazizira imatha msangamsanga, netiweki kumapiri imabwera ndi kupita. Safunsa anadya phula. Mutenge munthu wa paki wodziwa njira, mulembetse mayina ku ofesi musanakwere, akati lero kwaipa musakwere, mumvere. Ngati ndalama yake ikuvuta ndiuze ndikutumizira pa EcoCash, ndili nayo ya nkhuku zija ndinagulitsa, ndinkasungira malata a kukhitchini koma malata adikira. Koma ndikutumizira iweyo, osati pa gulupu.

Galimoto ayendetsa ndani? Funso limeneli undiyankhe lisanafike Lachisanu. Kuchoka pano kudutsa Marondera mpaka Rusape msewu wa Mutare umadzaza pa holide, mabasi ndi mathiraki, chaka chilichonse pa Heroes timamva za ngozi pa wailesi. Ukakhota pa Rusape kulowera ku Juliasdale ndi zokhotakhota zokhazokha ndi nkhungu. Ngati chiwongolero chili m'manja mwa uja, tsika. Ndikunenetsa, tsika ukwere basi, akuseke, kusekedwa sikupha.

Pepa ndakalipa. Ndikudziwa ndiwe bambo wa ana awiri tsopano, pakhomo pako umalamula wekha, ndipo kuyambira pa ngozi ija wasintha, ndimaona, apongozi anganso amanena. Pa Khirisimasi unakhala ndi kapu imodzi mpaka madzulo, ndinkakuyang'ana pawindo la kukhitchini, mtima wanga unadzaza. N'chifukwa chake ndikuopa, munthu akakumana ndi anzake a ubwana amabwerera ku ubwana. Mudzayamba kukumbutsana za kusukulu, za aphunzitsi aja ankakukwapulani, za mpira wa mapepala, kuseka mpaka misozi, ndipo zimenezo n'zabwino, ndikufuna useke, bambo ako chimwalirireni sindinakumve ukuseka kuchokera pansi pa mimba. Koma m'kati mwa kusekako ndi mmene botolo limadutsira dzanja ndi dzanja munthu osawerenga.

Ndinaiwala, moto. Ogasiti udzu wauma ndipo mphepo ndi yambiri, musasonkhe moto paliponse, funsani a paki pololedwa. Muphikire pa kasitovu ka gasi, koma osati m'kati mwa tenti mutatseka, utsi wake sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo, monga mbaula ija inatenga banja la kuseri kwa mashopu chaka chija. Ana atatu. Usaiwale zimenezo.

Nsapato usagule zatsopano sabata yomweyo, zidzakutupitsa matuza tsiku loyamba. Vala zija umapita nazo kumunda ku Norton. Sokosi zambiri, zina uzikulunge mu pulasitiki pamodzi ndi zovala zogonera kuti zisanyowe zivute zitani, jinzi ikanyowa siuma ndiye usakwere nayo. Chipewa cha ulusi, tochi ndi mabatire ena apadera, machesi mu kabotolo. Ndikukazingira mtedza ndi chimanga, ndiponso ndikupangira mbatata zofutsa, panjira uzidya pafupipafupi usadikire njala. Bondo lako lija ukalimange bandeji potsika, kutsika ndi kumene kumapweteka kuposa kukwera, agogo ako ankatero. Muyambe kukwera m'mamawa kuti dzuwa likamapendeka mukhale mutatsika pansonga. Ndipo muziyenda pamodzi, wina akatsalira mudikire, wina akati nditsogoleko ndikajambule mumukanize. Nkhungu ikakupezani musayende, khalani pamodzi pamalo amodzi mufundane mpaka iyere, kumeneko kuli maphompho ndi zithaphwi, munthu umaganiza ukubwerera kumene unachokera pamene ukulowera kuchigwa cha Honde.

Za uja ndibwerezenso, chifukwa ndikudziwa pofika apa wayamba kuwerenga modumpha. Sindikuti mumusiye. Mwina ulendo umenewu ndi umene akufunika, mkazi anamuthawa, ntchito inatha, anthu ambiri anamutaya ndipo inu ndi amene mwatsala. Mutengeni. Koma umuuze pamaso pa anzako onse musananyamuke kuti mowa ukutsala m'galimoto, mudzamwa mukatsika ngati mukufuna, ndipo chikwama chake muchione, chifukwa timabotolo tija amati tumbwa timalowa ndi m'sokosi momwe. Akakwiya akwiye. Ukaona kuti iwe sungathe kunena, uuze wamtali uja wa ku Highfield anene, ameneyo ali ndi mutu ndipo uja wa botolo amamuopa. Akaledzera pamwamba mudzamusenza ndinu, usiku, pamiyala yoterera, ndipo wogwa sadzakhala iyeyo, zimakhala choncho nthawi zonse, unaona wekha.

Usiku wathawu ndinalota bambo ako atavala jekete lawo lija lobiriwira, sanalankhule kanthu. Ndadzuka ndalitulutsa m'sutikesi, ndalichapa, lili padzuwa pano ndikulemba. Ndi lolemera koma mphepo silowa, analigula ku msika wa Mupedzanhamo chaka chimene unayamba Form 1 ndipo zipi yake ikugwirabe. M'thumba lamkati ndapezamo kapepala ka nyimbo za pa maliro a mnzawo, ndakasiya momwemo.

Ubwere Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi udzalitenge pamodzi ndi mtedza, ubwere ndi ana ndiwaone. Undilembere papepala nambala ya wamtali uja ndi tsiku ndi ola limene mukuyembekeza kutsika, ndikaika m'Baibulo. Likadzakwana ola limenelo foni yanga osalira, ine ndiyamba kuimbira anthu, usadzati ndakuchititsa manyazi.

Ndine mayi ako.