Lipoti la Nthumwi: Kuchepetsa Ndalama Zogwiritsa Ntchito Pakhomo Pokonzekera Kusiya Ntchito ndi Kuyamba Bizinesi

A wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la banki m'khonde, ndikupereka lipoti ili monga munandituma kuti ndikakuimireni pa zokambirana zimene zinachitikira ku Luchenza, zokhudza anthu apantchito amene akulingalira zosiya ntchito kuti ayambe bizinesi zawozawo. Kunafika nthumwi za magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama ochokera m'maboma a Thyolo ndi Mulanje, ndipo ambiri anali anthu onga ife: ogwira ntchito m'minda ndi m'mafakitale a tiyi, aphunzitsi, alonda ndi ogulitsa m'masitolo a eni ake. Anatsogolera zokambiranazo ndi alangizi a zamalonda pamodzi ndi mayi wina amene kale anali kalaliki pa esiteti ina, koma tsopano amapikula nandolo ndi chimanga.

Funso limene munandipatsira linali lakuti mpamba tingaupeze kuti. Ndinalifunsa, koma yankho lake linatibweza kunyumba. Alangiziwo anafotokoza kuti bizinesi zambiri zimene anthu amayamba akangosiya ntchito zimagwa chifukwa zimayamba kudyetsa banja zisanakhwime: mwini wake amatapa pa mpamba lero kuti agule ndiwo, mawa sopo, mkuja chiphaso cha kuchipatala, ndipo pofika tsiku lokaodanso katundu ndalama imakhala yosakwana. Choncho munthu asanasiye ntchito ayenera kukhala ndi ndalama ziwiri zosiyana, ya mpamba ndi yodyera pakhomo kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuti m'miyezi imeneyo phindu lonse lizibwerera mu bizinesi.

Apa ndi pamene nkhani yochepetsa zogula inalowera, ndipo chitsanzo chimene anatiwerengera pa bolodi ndachilemba monga chinalili. Banja limene limagwiritsa ntchito K150,000 pamwezi liyenera kusunga K900,000 kuti lidye miyezi isanu ndi umodzi popanda malipiro. Banja lomwelo likazolowera kukhalira K110,000, ndalama yofunika imatsika kufika pa K660,000, komanso mwezi uliwonse limatsala ndi K40,000 yoika padera. Kuchepetsako kumathandiza pawiri, pakuti kumawonjezera zosunga ndiponso kumatsitsa mulingo umene munthu akuthamangira. Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma aliyense wa ife angathe kuikapo ake. Langizo lawo linali lakuti banja liyambe kukhalira ndalama yocheperayo malipiro akadabwera, kwa miyezi ingapo yotsatizana. Ngati banja likulephera kutero pamene pakutha pa mwezi pali chodalira, ndiye kuti nthawi yosiya ntchito sinakwane, ngakhale mpamba utapezeka.

Poyambira pake ndi kulemba m'kope ndalama iliyonse yotuluka m'nyumba kwa mwezi wathunthu, popanda kusiya ngakhale ya machesi. Nthumwi zimene zinayesapo kale zinanena kuti ndalama zambiri zinkapita pa zinthu zazing'ono zogula tsiku ndi tsiku: ufa wa walkman, mafuta ophikira oyeza m'timabotolo, shuga womanga m'timapepala ndi makala a m'timajumbo. Kugula motere kumaoneka kopepuka pa tsikulo, koma pa mwezi munthu amalipira zambiri kuposa amene anagula kamodzi. Zinatchulidwanso ndi mayunitsi ndi mabandulo a foni, kutapa ndalama pang'onopang'ono ku Airtel Money kapena TNM Mpamba kumene kumadula ndalama ulendo uliwonse, kukwera kabaza pa mtunda woti munthu n'kuyenda, mowa, ndi kubetcha mpira pa foni, kumene abambo angapo anavomereza kuti kwalowerera m'mabanja ambiri. Za mbaula zosatha nkhuni, monga chitetezo mbaula, zinangotchulidwa mwachidule chifukwa ambiri akuzidziwa kale.

Nthawi yaitali inathera pa chimanga, ndipo ndikuona kuti kunali koyenera. Kuno kwathu malo olima ndi ochepa chifukwa minda yaikulu ili ndi tiyi ndipo anthu tachulukana, kotero mabanja ambiri apantchito amagula chimanga kwa miyezi yambiri pa chaka. Mtengo wake umatsika nthawi yokolola, cha m'ma May ndi June, ndipo umakwera kwambiri mu January ndi February. Mayi wopikula uja anati iye amaona anthu omwewo akugulitsa chimanga chawo chochepacho pokolola kuti apeze ndalama ya msanga, kenaka n'kudzagula kwa iye yemweyo pa mtengo wokwera mvula itagwa. Anatilangiza kuti banja lofuna kusiya ntchito ligule chakudya cha chaka chonse nthawi yokolola, lichisunge m'matumba osalowa mpweya a PICS kapena lichithire mankhwala oteteza ku anankafumbwe, ndipo lisachite manyazi kusakaniza ndi chinangwa, makaka, mbatata, nandolo ndi kalongonda, zimene makolo athu ankadalira. Munthu amene ali ndi chakudya m'nyumba amachita malonda mtima uli m'malo, ndipo sagulitsa katundu wake motchipa chifukwa choti ana agona ndi njala. Kwa ife a banki m'khonde mfundo imeneyi ikutikhudza mwachindunji, chifukwa timagawana masheya mu December, pamene chimanga chakwera kale ndipo ndalama zimathera pa Khirisimasi ndi feteleza.

Za ngongole analankhula mosapsatira. Munthu asasiye ntchito ali ndi ngongole ya katapila kapena ya pa golosale imene amabweza akalandira, chifukwa ngongole zimenezi zimadalira tsiku la malipiro limene silidzakhalaponso. Anatichenjezanso za ngongole za m'magulu athu omwe. Pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, chimene magulu ambiri amene analipo anati amalipiritsa, wobwereka K200,000 ayenera kupeza K40,000 mwezi uliwonse yongolipira chiwongoladzanja, iye asanadyepo kanthu. Geni yogula ndi kugulitsa mwamsanga ingathe kupirira zimenezi kwa mwezi umodzi kapena iwiri, koma bizinesi yochedwa kubweza, monga kuweta ng'ombe ya mkaka kapena kubzala nthochi, singathe. Anatchula ma SACCO, omwe ndi mabungwe a mamembala osunga ndi kubwereketsa ndalama, ndi mabungwe a boma obwereketsa ndalama ngati njira zina, koma anati ngongole ndi yokulitsira bizinesi imene yaonetsa kale kuti ili ndi makasitomala.

Pali chinthu china chimene ndikupempha amene mumakhala m'nyumba za kampani muchimvetsetse. Malipiro a munthu wa pa esiteti si ndalama yokha imene amalandira m'manja. Ambiri amakhala m'nyumba yosalipira lendi, amatunga madzi a pampopi, amapita kuchipatala cha pa esiteti ndipo ena amadya masana kuntchito. Tsiku losiya ntchito zonsezi zimatha pamodzi. Choncho powerengera ndalama ya miyezi isanu ndi umodzi ija, munthu aikemo lendi kapena mtengo womalizitsira nyumba kumudzi, madzi, mankhwala ndi chakudya cha masana, apo ayi bajeti yake idzakhala yonama kuyambira mwezi woyamba.

Pa za malamulo, alangizi anatikumbutsa mfundo zochepa. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limafuna kuti wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi asanasiye. Ndalama imene munthu amapatsidwa akachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito siperekedwa kwa amene wasiya mwa kufuna kwake, ndipo nthumwi zingapo zinadabwa pomva zimenezi chifukwa zinkaiwerengera ngati mpamba. Za penshoni, lamulo limati wantchito azisonkha 5 peresenti ya malipiro ake ndipo womulemba ntchito aziwonjezera 10 peresenti, koma ndalamazi sizituluka tsiku limene munthu wasiya ntchito, ndipo cholinga chake ndi ukalamba. Aliyense afunse kaye ku kampani imene imasunga penshoni yake kuti adziwe zimene angalandire ndi nthawi yake, asanalembe kalata yotsanzika. Kulembetsa bizinesi ku boma, kutenga nambala ya msonkho ku MRA ndi kulipira laisensi ku khonsolo anangotiuza kuti tiziwerengere monga mbali ya mpamba.

Mtsutso waukulu unabuka pa nkhani ya achibale. Mlangizi mmodzi anati wofuna kusunga ndalama achepetse zothandiza abale, zopereka pa maliro, pa zinkhoswe, pa maukwati ndi pa zinamwali. Anthu ambiri sanagwirizane naye. Bambo wina wa ku Mulanje anati iye ndi mwini mbumba, ndipo ana a alongo ake akadwala kapena akasowa yunifolomu sangawauze kuti akusunga mpamba. Ine ndinaima ndi bamboyo, ndipo ndikukhulupirira kuti inunso mukadatero. Munthu amene wasiya kupita pa maliro a anzake kuti asunge ndalama wadzichotsera anthu amene akanamugula katundu, kumubwereka njinga ndi kumuyang'anira okala iye akadwala. Chimene tinagwirizana pomaliza n'chakuti thandizo la achibale likhale ndi mulingo wake mu bajeti mwezi uliwonse, ndipo achibalewo auzidwe poyera, nthawi ikadalipo, kuti malipiro atsala pang'ono kutha ndipo kwa kanthawi thandizo lichepa. Amayi anawonjezera mfundo imene abambo ena sanaikonde koma ndi yoona: kawirikawiri amene amaganiza zosiya ntchito ndi bambo, koma amene amauzidwa kuti aphike ndi ndalama yochepa ndi mayi. Anati bajeti imene mwamuna walemba yekha, mowa wake osaukhudza koma n'kudula ndalama ya ndiwo, siitha mwezi. Tonse tinavomerezana kuti chakudya cha ana, zofunika kusukulu ndi chithandizo cha kuchipatala zisakhudzidwe.

Funso lina lovuta linali la kumene tingasungire ndalamazo, popeza kwacha ikuchepa mphamvu. Tonse tikukumbukira kuti mu November 2023 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo amene anasunga ndalama m'nyumba anapeza kuti sizikugulanso zimene anakonza. Malangizo anali akuti ndalama ya mpamba isamakhale nthawi yaitali ili ndalama, koma munthu azigula pang'onopang'ono zipangizo za bizinesi yake, monga sikelo, makina osokera, njinga, malata a khola kapena mashelefu. Ndalama yodyera pakhomo yokha ndiyo ikhale pamalo potapika msanga. Nthumwi za ku Mulanje zinakumbutsa za namondwe wa Freddy wa mu March 2023, amene anakokolola minda, nyumba ndi milatho, ndipo zinati amene anaika zonse mu katundu anatsala manja ali m'khosi. Pa chifukwa chimenechi thumba ladzidzidzi lisasakanizidwe ndi mpamba.

Ndiyenera kunenanso mawu a mayi wina wothyola tiyi, chifukwa m'gulu lathu muli ambiri onga iye. Iye anati zonse zimene zikunenedwazi ndi za anthu amene ali ndi zoti n'kuchepetsa, pomwe iye malipiro ake amatha tsiku lomwe walandira, ndipo ntchito imachuluka nyengo ya mvula yokha. Anakumbutsa anthu kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo anati iye sangataye ntchito yochepayo chifukwa cha bizinesi imene sanaione. Alangizi sanamutsutse. Anati kwa munthu wotere njira yabwino ndi kuyamba geni yaing'ono ntchito asanasiye, makamaka m'miyezi ya chilimwe pamene tiyi wachepa, monga kukaoda masamba ku Bvumbwe, nanazi ku Mulanje kapena katundu wa pa Limbuli n'kumagulitsa pa masiku a msika, n'kumalemba phindu lake. Geniyo ikayamba kubweretsa ndalama yofanana ndi malipiro kwa miyezi yotsatizana, kuphatikizapo miyezi ya njala pamene ogula amachepa, pamenepo nkhani yosiya ntchito ingayambike. Maganizo anga ndi akuti uphungu umenewu ndi woyenera ambiri a ife, ndipo sindikufuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti ndabwera kudzalimbikitsa anthu kulemba makalata osiya ntchito.

Potengera zimene ndinamva, ndikupempha gulu likambirane zinthu izi. Choyamba, tiganizire zosuntha nthawi yogawana masheya kuchoka mu December kupita mu May, kapena kugawana kawiri pa chaka, kuti mamembala azigula chimanga chikadatchipa. Ndikudziwa kuti amene amadalira ndalama ya December pogula feteleza adzakhala ndi mawu, ndipo ayenera kumvedwa. Chachiwiri, titsegule thumba lapadera la amene akukonzekera kuyamba bizinesi, loti munthu sangatapemo mpaka nthawi imene analonjeza yekha itakwana, kupatula pa matenda ndi maliro. Ndikupemphanso kuti tiunikenso chiwongoladzanja chathu pa ngongole zogulira zipangizo, ndiponso kuti amene angafune tizigula limodzi sopo, shuga, mchere ndi mafuta ku holoselo n'kumagawana.

Mapepala a chitsanzo cha bajeti amene tinapatsidwa ndawasiya kwa alembi, ndipo aliyense wofuna angathe kukopera m'kope lake. Ndikupempha a wapampando kuti aike nkhani ya nthawi yogawana masheya pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano ukubwerawu, ndipo amene ayambe kulemba zogula za pakhomo mwezi uno adzabwere ndi makope awo kuti tidzawerengere limodzi.