Kwa Tadala, pa ntchito yako yatsopano ya ku myuziyamu

Wokondedwa mwana wanga Tadala,

Kuno ku Mangochi tadzuka bwino, kaya iwe kunja uko. Dzuwa lanyanya, mvula sinagwebe, ndipo mayi ako akuti usamatuluke opanda juzi. Nkhani yoti yunivesite yakupatsa udindo wotsogolera zionetsero ndi kulandira alendo ku myuziyamu yawo ya zachilengedwe yatisangalatsa zedi. Agogo ako nditawafotokozera, adangofunsa kuti, "Ndiye sukulu yonse ija n'cholinga choti azikalondera nyama zakufa?" Ndidaseka, koma usiku funso limeneli lidandisowetsa tulo, ndipo n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Udanena pafoni kuti chionetsero chako choyamba ukufuna chikhale cha nsomba za m'nyanja yathu, popeza m'nkhokwe zawo wapezamo mabotolo a nsomba zochokera kuno, zonyikidwa m'mankhwala, zina zakale kuposa agogo akowo. Wasankha bwino. Koma nsomba ya m'botolo imasuluka, imakhala yotuwa ngati chiguduli, ndipo pambali pake pamangokhala kapepala ka dzina la Chilatini. Munthu wodutsa akaiona, adzaganiza ndendende zimene aganiza agogo ako. Ntchito yako ndi yoti achoke ataona nyanja.

Ndikuuze zimene zidandichitikira ndili mphunzitsi. Chaka china ndidatenga ana anga a Sitandade 6 kupita nawo ku Lake Malawi Museum kuno ku boma. Ndidakonzekera masabata awiri. Ndidawaimika pa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, padzuwa, n'kuyamba kulakatula: kuti tauni ino inkatchedwa Fort Johnston, kuti mu 1914 sitima ya Guendolen idakathira zipolopolo sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, kuti mu 1946 sitima ya Vipya idamira ndi anthu 145. Zonsezo zinali zoona, koma ana ankangokanda miyendo. Pobwerera tidadutsa m'mbali mwa Shire, pomwe mkulu wina ankatsitsa nsomba m'bwato. Adatola chambo chachikazi, n'kuchikanula kukamwa, ana aja n'kuona mazira ali tho m'kamwamo. Adawauza kuti chambo chimafungatira mazira ndi tiana take m'kamwa, ndipo kuti akapha mayi mmodzi wotere wapha mudzi wonse. Lolemba nditawalembetsa chimangirizo, pafupifupi onse adalemba za m'kamwa mwa chambo. Zaka zanga zija adazitchula ana awiri, mmodzi molakwitsa. Mtima udandiwawa tsiku limenelo, koma mkuluyo anali atandiposa uphunzitsi, ndipo sadayankhule mphindi zokwana zisanu.

Ndiye mapulofesa akadzakubweretsera masamba atatu oti upachike pakhoma, udzawalandire ndi manja awiri, chifukwa nzeruzo adazivutikira, koma udzawapemphe kuti asankhe chinthu chimodzi chimene mwana angakafotokozere mayi ake madzulo. Adzakwiya ena. Munthu amene watha zaka makumi awiri akuwerenga mano a mbuna, tinsomba ta m'miyala tija, safuna kumva kuti mlendo aima pagalasi lake kanthawi kochepa chabe. Upirire nawo, ndipo usadzadule mawu mpaka kunama. Chimene walemba mwachidule chikhalebe choona, ndipo mwini wake achione chisanapachikidwe.

Chimene chandilembetsa kwenikweni kalatayi ndi mayina. Livingstone adafika panyanja ino mu 1859, ndipo nsomba zimene mnzake John Kirk adatola zidapita ku London, komwe Albert Günther adazipatsa mayina a sayansi mu 1864. Mtundu umodzi wa chambo udakali ndi dzina lomwe iye adaupatsa, squamipinnis. Koma chambo chinali ndi dzina kale. Asodzi ankasiyanitsa chambo ndi kasawala, utaka ndi usipa, mcheni, kampango, mpasa ndi bombe, ankadziwa kuti iti imapezeka pamiyala, iti pamchenga, iti imabwera kunyali usiku. Mawu oti mbuna, amene lero ali pakamwa pa anthu oweta nsomba zokongoletsera m'nyumba padziko lonse, ndi a Atonga a ku Nkhata Bay. Ngakhale Nyasa amene azungu adalemba pamapu ndi mawu a Chiyao otanthauza nyanja basi. Choncho pa kapepala kalikonse ulembepo dzina lakwathu, ndi zilembo zazikulu zofanana ndi za Chilatinizo. Ngati n'kotheka, jambula mawu a amalume ako a ku Malembo akufotokoza mmene amakokera khoka la chilimira, alendo azimva liwu lawo. Koma uwapemphe kaye, uwauze komwe mawuwo akamvekere, dzina lawo lilembedwe ngati afuna, ndipo kangachepe kawo kaikidwe mu bajeti kuyambira pachiyambi. Usadzatenge nzeru za abale ako kwaulere chifukwa choti ndi abale.

Anthu akunja amakonda kumva kuti nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndi kuti Lake Malawi National Park ya ku Cape Maclear idakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuiika pamndandanda wa malo ofunika padziko mu 1984. Uwauze zimenezo, tili nazo ufulu wonyadira. Uwauzenso kuti mu 2018 bungwe la IUCN, loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse, lidaika chambo m'gulu la nsomba zimene zili pangozi yaikulu yotheratu. Ine sindidadikire bungwe kuti lindiuze. Uli mwana tinkadya chambo cha ku Malombe osaŵerengera, lero mayi ako amachiyang'ana pamsika, n'kufunsa mtengo, n'kugula usipa. Pofotokoza chifukwa chake, samala. N'zoona kuti makoka a maso ang'onoang'ono, ngakhale maneti a udzudzu, amakokolola tiana ndi kuphwasula zisa zimene chambo chachimuna chimakumba pamchenga. Koma ukangopachika chithunzi cha msodzi atagwira neti ya udzudzu, mlendo wokhuta adzachoka akuti anthu akumeneko ndi osaganiza. Muonetsenso kuti nyengo ino nyanja ikatsekedwa kuti nsomba ziswane, pakhomo pa msodziyo ana amafunabe nsima, ndi kuti si iye yekha amene amapha nsomba, alipo a mabwato akuluakulu a injini. Onse awiri, nsomba ndi msodzi, ndi a kwanu.

Za anzako ogwira nawo ntchito sindichulutsa. Alonda a m'zipinda, osesa ndi ophunzira odzipereka aja amaona tsiku lililonse pomwe alendo amaima, pomwe amangodutsa, ndi pomwe ana amalira kuti atopa. Uziwafunsa. Ndipo pulogalamu ya ana ikhale ndi choti agwire: mamba, chingwe cha khoka, nkhafi, mchenga woti aumbe chisa cha chambo. Ndalama zikachepa, dula zokongoletsa, zogwirazo zitsale.

Amalume ako avomera kukupatsa nkhafi yawo yakale ndi kachidutswa ka chilimira, ati bola usawauze azungu kuti ndi zatsopano. Ufufuze kaye ngati malamulo akumeneko amalola kulowetsa zinthu za mtengo, undiuze ndisanazipereke kwa wobwera. Chionetsero chikadzatsegulidwa, utitumizire zithunzi pa WhatsApp ya mng'ono wako, makamaka kapepala kolembedwa kuti chambo, ndikawaonetse agogo ako. Mayi ako akupereka moni, ndipo akufunsa ngati ufa udakalipo.

Ndine bambo ako.