Tisaiwale amene anatsitsa mtengo wa kompyuta

A Mkonzi,

Ndimaphunzitsa za makompyuta pasukulu ina ya sekondale kuno ku Zomba. Ndikafunsa ana kuti anabweretsa kompyuta m'nyumba za anthu wamba ndani, onse amathamangira Steve Jobs kapena Bill Gates. Zimandiwawa, chifukwa pali kampani imene dzina lake silimveka n'komwe: MOS Technology ya ku Pennsylvania, ku America.

Mu 1974, Chuck Peddle, Bill Mensch ndi anzawo angapo anasiya ntchito ku kampani ya Motorola. Chinawachotsa ndi mtengo. Microprocessor ya Motorola yotchedwa 6800, kachipangizo kamene kamawerengera zonse m'kompyuta, inkagulitsidwa pafupifupi madola 300. Peddle ankafuna yotchipa, koma mabwana sanamumvere. Atafika ku MOS anapanga microprocessor yawo yotchedwa 6502, ndipo mu Sepitembala 1975, pachionetsero cha WESCON ku San Francisco, anaitsatsa pa madola 25 okha. Poti pabwalopo sankalola kugulitsa, anapeza chipinda kuhotela n'kuthira tizipangizoto m'botolo lagalasi ngati maswiti a paokala. Ambiri ankayesa bodza, mpaka ataona makampani a Motorola ndi Intel nawonso akutsitsa mitengo yawo.

Motorola inawatengera kukhoti, ndalama zinawathera, ndipo mu 1976 kampani ya Commodore, ya Jack Tramiel, inagula MOS. Koma kachipangizo kaja kanali katafalikira kale. Steve Wozniak, mnzake wa Steve Jobs, anakaika m'makompyuta a Apple I ndi Apple II chifukwa ndi kamene thumba lake linakwanitsa. Kanalowa mu kompyuta ya Commodore PET mu 1977, komanso mu BBC Micro ya m'sukulu za ku Britain. Commodore 64 ya mu 1982 inali ndi mng'ono wake, 6510. Akatswiri a kampani ya Acorn amene anapanga BBC Micro ndi amenenso anadzapanga microprocessor ya ARM, imene lero ili m'mafoni amene timatumizira ndalama kumudzi.

Ine ndimati munthu amene anachititsa kuti mnyamata wopanda chuma agule microprocessor ndi ndalama za m'thumba mwake ayenera kutchulidwa m'kalasi. Commodore inagwa mu 1994, ndipo Peddle anamwalira mu Disembala 2019. Ndikupempha kuti patsamba lanu la sayansi mudzalembeko mbiri ya anthu amenewa m'Chichewa, ndidzaimate pakhoma la kalasi yanga kuti ana a Fomu 3 aziwerenga okha.

Mphunzitsi wa makompyuta,
Zomba