Osewera akale atithandize kumvetsa mpira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za anthu amene amathirira ndemanga pa mpira m'mawailesi ndi pa kanema, ndipo chitsanzo changa ndi Alan Hansen wa ku Scotland, amene achinyamata ambiri odzaza m'nyumba zoonetsera mpira kuno ku Nkhotakota sakumudziwa, ngakhale amavala malaya a Liverpool tsiku ndi tsiku.

Hansen anabadwa mu 1955, anayambira ku Partick Thistle, ndipo Liverpool inamugula mu 1977. Ankasewera kumbuyo, koma sanali wongomenya mpira kutali kuti uchoke pagolo. Ankaulandira modekha n'kuyenda nawo mpaka pakati pa bwalo. Anatenga nawo ligi ya ku England ka 8 ndi European Cup mu 1978, 1981 ndi 1984, ndipo mu 1986 ndiye anali kaputeni pamene timuyo inatenga ligi ndi FA Cup, ngakhale kuti chaka chomwecho Alex Ferguson, amene anali mphunzitsi wa timu ya dzikolo nthawiyo, anamusiya pa gulu la Scotland lopita ku World Cup. Maondo atamuvuta, anasiya kusewera mu 1991.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ntchito imene anagwira pambuyo pake, pa pulogalamu ya Match of the Day ya BBC, kuyambira mu 1992 mpaka mu 2014. Chigoli chikalowa, ambiri amayamikira wogoletsa, koma iye ankabweza chithunzi m'mbuyo n'kuonetsa wotchinga amene anayang'ana mpira n'kuiwala munthu wake, kapena amene anatsalira anzake atatuluka. Munthu ukatha kumumvera, unkaonera masewero otsatira ndi maso ena.

Ambiri amamukumbukira chifukwa cha zimene ananena mu 1995, Manchester United itagonja 3-1 kwa Aston Villa, zakuti timu singatenge chikho ndi ana. Anawo anali David Beckham, Paul Scholes, Nicky Butt ndi abale awiri a Neville, ndipo nyengo yomweyo anatenga ligi ndi FA Cup. Anthu amamuseka mpaka lero, koma ine ndimaona kuti munthu wonena maganizo ake poyera, n'kupereka zifukwa zimene tingathe kuzitsutsa, ndi wothandiza kuposa wodikira masewero athe kuti anene zimene aliyense waona kale.

Kwathu kuno zinthu sizili choncho. Timu ikagonja pa bwalo la Chitowe ku Dwangwa, nkhani imene timamva pobwerera, ngakhalenso m'mapulogalamu ena amasewero, imakhala yakuti woyimbira anakondera kapena kuti alendo anabwera ndi zitsamba. Palibe wofunsa chifukwa chimene wosewera wa timu inayo anadumphira yekha pa kona otchinga atatu atangoima, goloboyi atakakamira pamzere. Mwana wosewera mpira pa mchenga wa kunyanja akamva zotere, amakula akudziwa kudandaula, osadziwa poima.

Tili nawo amuna ndi amayi amene anavalapo malaya a Flames ndi Scorchers, ena mwa iwo akuvutika kupeza chochita atasiya mpira. Ndikupempha eni mawailesi ndi makanema, pamodzi ndi bungwe la FAM, kuti awaphunzitse kulankhula pa kanema, awapatse zithunzi za masewero nthawi yokwanira kuti aziunike asanayambe pulogalamu, ndipo awalipire monga antchito, osati kungowapatsa ya thiransipoti.

Wokonda mpira,
Nkhotakota